Miyalo itatu ya maselo: ciyambi ca thupi la munthu ndi ziweto

Thupi la munthu, la ng'ombe, la nkhumba ngakhalenso la nkhuku limayamba ngati kanthu kopyapyala, kosaposa njere ya mawere, kokhala ndi miyalo itatu ya maselo yosanjikizana monga mphasa zitatu zoyalidwa ina pamwamba pa inzake. Ciwalo ciliconse, kuyambira ubongo mpaka cikhadabo, cimacokera mu umodzi mwa miyalo imeneyi kapena m'kugwirizana kwa iwiri.

Mwa munthu, miyaloyi imayalidwa m'sabata lacitatu kucokera pamene mimba yakhala, ndipo pofika tsiku la 28 maziko a ubongo ndi msana amakhala ataikidwa kale. Iyi ndi nthawi imene amai ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati.

Nkhaniyi imaphunzitsidwa m'makalasi a sayansi ku sekondale, koma ili ndi zambiri zokhudza mabanja a m'maboma a Petauke ndi Nyimba, kumene anthu ambiri amadya cimanga ca m'munda mwao, amaweta nkhuku ndi nkhumba pakhomo, ndipo ali kutali ndi madotolo a opaleshoni ya ubongo ndi msana a ku Lusaka.

Kadontho koyera pa dzira

Njira yapafupi yomvetsera nkhaniyi ndiyo kuyang'ana dzira la nkhuku. Aliyense amene anaswapo dzira amadziwa kuti pamwamba pa mbali yacikasu pamakhala kadontho koyera. Ngati thadzi linayenda ndi tambala, kadonthoko ndiye mluza, ndipo pamene dzira likuikiridwa kamakhala kale ndi maselo zikwizikwi. Mbali yacikasu ija si mwanapiye ai, koma ndi kamba wake wa masiku 21.

Dzira likaikiridwa n'kuzizira, mluza umaima kukula n'kumadikira. Thadzi likayamba kufungatira, kutentha kwa pafupifupi madigiri 38 kumaudzutsa. Tsiku loyamba lisanathe, pakati pa kadontho kaja pamaoneka kamzera kolunjika, kamene asayansi amakacha primitive streak. Maselo a pamwamba amasendera ku kamzerako, n'kulowa pansi ngati madzi olowa m'ngalande, kenaka n'kufalikira mbali zonse. Oyamba kulowa amapanga muyalo wapansi, otsatira amapanga wapakati, ndipo otsala pamwamba amakhala muyalo wakunja. Kusamuka kwa maselo kumeneku kumachedwa gastrulation.

Pa tsiku laciwiri mtima wa mwanapiye umayamba kugunda, ndipo pa tsiku lacitatu timitsempha ta magazi timaoneka titayanga pambali yacikasu. Mlimi amene amaunika mazira ndi tochi m'cipinda ca mdima patapita sabata limodzi amaona timitsempha timeneti, n'kudziwa mazira amene adzaswa ndi amene ndi osukusa.

Izi zikufotokozanso cifukwa cimodzi comwe mazira amavutira kuswa m'nyengo yotentha, makamaka m'madera a ku cigwa ca Luangwa. Kutentha kwa masana m'mwezi wa Okutobala kungadzutse mluza thadzi lisanayambe kufungatira, usiku n'kuimanso. Mluza woyamba n'kuima motere umafooka, ndipo nthawi zambiri umafera m'dzira. N'cifukwa cake mazira oti afungatiridwe amafunika kusungidwa pamalo ozizira, ndiponso osapitirira sabata limodzi.

Zimene muyalo uliwonse umapanga

Muyalo wakunja umachedwa ectoderm. Umapanga khungu la pamwamba ndi zonse zomera pakhungu: tsitsi, zikhadabo, nthenga, ziboda, cikuto ca nyanga ya ng'ombe, komanso tiziwalo totulutsa thukuta ndi mkaka. Codabwitsa n'cakuti ubongo, mtsempha waukulu wa mumsana ndi mbali ya diso imene imaona zimacokeranso m'muyalo womwewu. Ubongo ndi khungu ndi apacibale, ndipo mfundo imeneyi tiibwereranso, cifukwa ndi pamene pagona nkhani ya zilema za msana.

Muyalo wapakati, mesoderm, ndi umene umapanga zambiri mwa zimene anthu amagula ku bucha: minofu, mafupa ambiri, mafuta, mtima, magazi ndi mitsempha yake, impso ndiponso ziwalo zoberekera. Cikopa cimene amafufuta n'kupangira nsapato cimacokeranso m'menemu, popeza ndi khungu la pansi.

Muyalo wamkati, endoderm, umadzipinda n'kukhala kapaipi kocokera kukhosi mpaka kotulukira cimbudzi. M'mbali mwa kapaipiko mumaphuka ciwindi, kapamba, mapapu ndi cithokomiro, monga momwe mphukira zimatulukira pa tsinde. Mkati mwa cikhodzodzo namonso mumacokera m'muyalowu.

Ziwalo zambiri ndi nchito ya miyalo iwiri. Nthutumba ya nkhuku ndi citsanzo cabwino: mnofu wolimba uja ndi wa muyalo wapakati, pamene kacikopa kacikasu kamene amai amasenda potumbula kamapangidwa ndi maselo a muyalo wamkati. Matumbo a mbuzi nawo ali cimodzimodzi, mkati endoderm, kunja mesoderm.

Palinso kagulu ka maselo oyendayenda kochedwa neural crest, kamene kamacoka m'mphepete mwa msana wa mluza n'kumwazikana thupi lonse. Maselo amenewa amapanga mafupa ambiri a kumaso, mitsempha ya m'matumbo, ndi maselo amene amapatsa khungu mtundu wake. Mawanga a ng'ombe ndi mbuzi zina amasonyeza malo amene maselowa anafika ndi amene sanafike. Asayansi ena amawacha muyalo wacinai.

Si zamoyo zonse zili ndi miyalo itatu. Tizamoyo ta m'madzi tonga nsima yosapsa, tochedwa jellyfish, tili ndi iwiri yokha, wakunja ndi wamkati. Mtundu wina wa tizamoyoti, wa m'madzi opanda mcere, umapezeka m'nyanja za Tanganyika ndi Kariba. Koma inswa, nkhono, nyongolotsi, nsomba, ng'ona, mbalame ndi munthu, zonsezi zili m'gulu limodzi la miyalo itatu.

Amene anafufuza

Nzeru imeneyi inayambira pa mazira a nkhuku. M'caka ca 1817, a Christian Pander, amene anali kuphunzira ku Würzburg m'dziko la Germany, anatsegula mazira ambirimbiri ofungatiridwa pa maola osiyanasiyana, n'kufotokoza miyalo imene anaona. Mnzao, a Karl Ernst von Baer, anapeza dzira la nyama zoyamwitsa mu 1827, ndipo m'caka cotsatira anaonetsa kuti miyaloyi ilipo m'nyama zonse zokhala ndi fupa la msana. Pofika mu 1855, a Robert Remak a ku Berlin anali atalongosola bwino kuti miyalo ndi itatu, kuti ndi yopangidwa ndi maselo, ndiponso ziwalo zimene umodzi uliwonse umabala.

Funso limene linatsala linali lakuti maselo amadziwa bwanji coti akhale. Yankho linayamba kuoneka mu 1924 ku Freiburg, pamene mai Hilde Mangold ndi mphunzitsi wao a Hans Spemann anafalitsa zotsatira za kafukufuku wao pa miluza ya tinyama ta m'gulu la acule. Mai Mangold anadula kacidutswa pamalo pamene maselo amalowera, n'kukabzala pamimba pa mluza wina. Mluzawo unamera msana waciwiri, ndipo mbali yaikulu ya thupi laciwirilo inapangidwa ndi maselo a mwini thupi, osati a kacidutswa kaja. Zinaonekeratu kuti maselo amauzana zocita, ndiponso kuti muyalo wapakati ndi umene umalamula wakunja kuti upange ubongo ndi msana. Mai Mangold anamwalira caka comweco pangozi ya moto wa m'khichini ali ndi zaka 25, ndipo mphoto ya Nobel ya mu 1935 inapita kwa a Spemann okha.

Katswiri wina, a Lewis Wolpert, amene anabadwira ku Johannesburg mu 1929 n'kumwalira mu 2021, amakumbukiridwa ponena kuti nthawi yofunika kwambiri pamoyo wa munthu si kubadwa, ukwati kapena imfa, koma masiku amene miyaloyi imayalidwa. Anali kunena mwanthabwala, koma anamwino amene amalandira ana obadwa ndi bala pamsana sangawatsutse.

Masiku 28 oyambirira mwa munthu

Dzira la mai likakumana ndi mbeu ya bambo limayamba kugawikana, ndipo patapita masiku 6 kapena 7 limakamamatira m'ciberekero. M'sabata laciwiri mluza umakhala ndi miyalo iwiri, pamene maselo ena akupanga nsengwa ndi thumba la madzi. Kamzera kaja kamaoneka ca pa tsiku la 15. Mtima umayamba kugunda ca pa tsiku la 22.

Apa pafunika kusamala ndi kawerengedwe. Ku sikelo ya amai apakati amawerenga mimba kuyambira tsiku loyamba la kusamba komaliza, zimene zimaonjezera masabata awiri. Conco tsiku la 15 la mluza limagwa pa nthawi imene mai akungoyamba kudabwa kuti mwezi uno sanasambe, ndipo tsiku la 28 limagwa patangopita masabata awiri kucokera pamenepo.

Pakati pa masiku amenewa pamacitika nchito yovuta kuposa zonse. Mbali ya muyalo wakunja yomwe ili pamsana imakhuthala, imapanga kangalande, kenaka m'mphepete mwake mumatukuka n'kukumana pamwamba, monga momwe tsamba la nthoci limapindidwira pokulunga cikondamoyo. Kapaipi kamene kapangika pamenepo kamachedwa neural tube. Kutsekeka kumayambira ca pakhosi n'kumapita kumutu ndi kumunsi. Kumutu kumatsekeka ca pa tsiku la 25, kumunsi ca pa tsiku la 28, mluza uli wosaposa njere ya mpunga.

Kumutu kukapanda kutsekeka, mwana amabadwa wopanda mbali yaikulu ya ubongo ndi cigaza, ndipo sakhala moyo. Kumunsi kukapanda kutsekeka, mwana amabadwa ndi bala kapena cotupa pamsana, vuto lochedwa spina bifida. Malinga ndi malo amene patseguka, miyendo imatha kufooka kapena kupindika, ndipo mwanayo amavutika kusunga mkodzo ndi cimbudzi. Ambiri mwa ana amenewa amadzadzanso madzi m'mutu, mutu n'kumakula mopitirira.

M'midzi, mwana wotere akabadwa, maso amatembenukira kwa mai wake, kwa apongozi kapena kwa nkhalamba ya m'mudzi. Ena amati mai anadya cosayenera mimba itakula, ena amati anaseka munthu wolumala, ena amati walodzedwa. Zonsezi sizigwirizana ndi kalendala ya mluza, pakuti msana umakhala utatsekeka kapena utalephera kutsekeka mimba isanaoneke n'komwe, mwinanso mwini wake asanaidziwe.

Cakudya, mankhwala ndi matenda

Umboni woyamba wakuti cakudya ca mai cingabweretse cilema unacokera m'khola la nkhumba. Mu 1933, a Fred Hale a ku Texas m'dziko la America ananena za nkhumba yaikazi imene anaimana vitamini A, ndipo ana ake onse anabadwa opanda maso. Alimi a nkhumba a ku Petauke ndi Nyimba, amene ziweto zao zimadalira gaga nthawi ya cilimwe, angatolepo phunziro: nkhumba imatenga masiku pafupifupi 114 kuti iswe, koma ziwalo za ana ake zimaumbidwa m'mwezi woyamba, ndipo masamba obiriwira ndi maungu zimafunika nkhumbayo isanakweredwe.

Mwa munthu, cimene cimafunika kwambiri kuti msana utsekeke ndi vitamini wa gulu la B wochedwa folate, amene m'mapiritsi amachedwa folic acid. Maselo amamufuna akamagawikana mofulumira. Mu 1991, kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain anapeza kuti amai amene anaberekapo mwana wa vuto la msana, akamamwa folic acid asanatengenso pakati, mpata wakuti vutolo libwererenso umacepa ndi pafupifupi 72 peresenti. Caka cotsatira, kafukufuku wa ku Hungary anaonetsa kuti vitaminiyu amatetezanso amai amene sanakumanepo ndi vutoli.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mai amwe mamaikilogalamu 400 a folic acid tsiku lililonse kuyambira pamene akufuna kutenga pakati mpaka mimba itakwanitsa masabata 12. Amai amene anaberekapo mwana wa vutoli amapatsidwa mlingo wokulirapo, koma ndi dotolo yekha amene angaulembe, pa cifukwa cina cakuti mlingo waukulu umacepetsa mphamvu ya Fansidar, mankhwala oteteza malungo amene amai apakati amayamba kulandira mimba ikapitirira miyezi itatu.

Vuto lili pa nthawi. Mapiritsi a magazi ndi folic acid amaperekedwa ku sikelo, ndipo WHO kuyambira mu 2016 imalimbikitsa kuti ulendo woyamba ucitike masabata 12 asanakwane. Koma ngakhale mai amene wamvera malangizo onse n'kufika pa sabata la 10 amakhala atacedwa kale pa nkhani ya msana. Mwambo wobisa mimba m'miyezi yoyambirira, kuopa anthu oipa mtima, umangoonjezera kucedwako. Mapiritsiwo amathandizabe kupewa kucepa kwa magazi, ndipo ayenera kumwedwa, koma sangabwezere m'mbuyo tsiku la 28. Uthenga wa folic acid, kunena zoona, malo ake oyenera ndi kwa alangizi a cinamwali, kwa ankhoswe a ukwati ndi ku cipinda ca kulera, makamaka pa tsiku limene mai akusiya njira yolerera.

Cakudya cokhala ndi folate sicisowa m'maboma awiriwa. Nshawa, zimene Petauke imadziwika nazo, nyemba, khobwe, ciwindi, mazira, mapeyala ndi ndiwo za masamba monga bondwe, cibwabwa ndi khwanya, zonsezi zili naye. Nthoci zimene amagulitsa m'mbali mwa mseu wa Great East ku Nyimba zilinso naye pang'ono. Koma vitaminiyu amaonongeka masamba akaphikidwa nthawi yaitali, ndipo amapita ndi madzi ngati madziwo atayidwa. Cakudya cokha kawirikawiri sicifikitsa pa mlingo umene mapiritsi amapereka.

Maiko ena anaganiza zoika folic acid mu ufa. Dziko la America linayamba mu 1998, ndipo South Africa inakhazikitsa lamulo loika mavitamini mu ufa wa cimanga ndi wa tirigu mu 2003. Kafukufuku amene anacitika kumeneko pambuyo pake anapeza kuti zilema za msana ndi ubongo zinatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Njira imeneyi imafika kwa anthu ogula ufa wa m'matumba. Banja la kwa Kalindawalo kapena kwa Ndake limene limatapa cimanga m'nkhokwe n'kupita naco ku cigayo ca pamudzi silingapindule nayo, pokhapokha zigayo zing'onozing'ono zitaganiziridwa.

Cimanga comweco cili ndi nkhani ina. Cikakololedwa cisanaume kapena cikasungidwa pa cinyontho cimacita cuku, ndipo cuku cina cimatulutsa poizoni wochedwa fumonisin amene amasokoneza kalowedwe ka folate m'maselo. Ofufuza anamuganizira kuti ndiye anacititsa kuculuka kwa ana obadwa ndi zilema zotere m'malire a Texas ndi Mexico mu 1990 ndi 1991. Kusankha n'kutaya cimanga coola asanapite naco ku cigayo kumacepetsa poizoniyu.

Pali zinanso zimene zimaonjezera ngozi m'masabata amenewa: matenda a shuga osasamalidwa, kutentha thupi kwambiri, ndiponso mankhwala ena a khunyu, makamaka sodium valproate. Mfundo yomalizayi ndi yofunika ku cigawo ca Kum'mawa, kumene ofufuza apeza kuti njoka za m'mimba zocokera ku nkhumba ndi cimodzi mwa zoyambitsa khunyu. Mai wa khunyu sayenera kusiya mankhwala payekha, cifukwa kugwa kungaphe iye ndi mwana yemwe, koma ayenera kukambirana ndi a zaumoyo asanatenge pakati kuti aone ngati mankhwala angasinthidwe. Mowa, kuphatikizapo kacasu, umaononga maselo a neural crest, ndipo zotsatira zake zimaoneka pankhope ndi pa nzeru za mwana.

Mwana akabadwa ndi bala pamsana, cofunika ndi cangu. Amagonekedwa cafufumimba, balalo limaphimbidwa ndi nsalu ya cipatala yonyowetsedwa ndi madzi a mcere a m'diripi, ndipo sipapakidwa mankhwala a zitsamba, phulusa kapena mafuta. Madotolo amafuna kutseka balalo m'masiku awiri kapena atatu, tizilombo tisanalowe n'kufika ku ubongo. Kucokera ku Petauke kukafika ku cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 400, kudutsa Nyimba, mapiri a Manenekera ndi mlatho wa Luangwa, ndipo ici ndi cifukwa cinanso cobalira ku cipatala kumene kuli galimoto ya odwala. Ana ambiri amene athandizidwa msanga amakula, amapita ku sukulu ndipo ena amayenda.

Mapasa ndi zotupa za tsitsi

Kamzera ka tsiku la 15 kali ndi tanthauzo linanso. Kasanaoneke, mluza umodzi ungathe kugawikana n'kukhala mapasa ofanana. Ukagawikana m'masiku atatu oyambirira, mwana aliyense amakhala ndi nsengwa yake. Ukacedwerapo, amagawana nsengwa imodzi. Kugawikana kukayamba patapita masiku 13, sikumaliza, ndipo mapasa amabadwa olumikizana. Mu 2018 madotolo a ku UTH analekanitsa mapasa otere amene anali olumikizana pamimba.

Popeza kamzeraka ndi kamene kamatsimikiza kuti mluza wakhala munthu mmodzi, komiti ya ku Britain yotsogozedwa ndi mai Mary Warnock inalangiza mu 1984 kuti asayansi asasunge mluza wa munthu kunja kwa thupi kupitirira masiku 14, ndipo maiko ambiri anatengera malire amenewa. Zotsatira zake n'zakuti sabata lacitatu la munthu ladziwika makamaka kudzera mu nkhuku, mbewa ndi acule. Munali mu 2021 pamene ofufuza a ku Oxford anafalitsa kafukufuku woyamba wounika maselo, limodzilimodzi, a mluza wa munthu wa pakati pa masiku 16 ndi 19.

Nchito yake ikatha, kamzera kaja kamayenera kuzimiririka m'sabata lacinai. Nthawi zina maselo ake ocepa amatsalira kumapeto kwa msana n'kupitiriza kukula popanda cowalamula, ndipo mwana amabadwa ndi cotupa pamatako cochedwa teratoma. Zotupa za mtundu womwewu zimapezekanso m'thumba la mazira la amai, zocokera ku maselo a mazira amene ayamba kukula okha. Popeza maselowa ali ndi mphamvu yopanga miyalo yonse itatu, madotolo akang'amba cotupaco amatha kupezamo tsitsi, mano, tizidutswa ta fupa ndi mafuta. Acibale amene aonetsedwa zinthu zoterezi pambuyo pa opaleshoni kawirikawiri amaganiza kuti wina anaziponya m'thupi la m'bale wao. Tsitsilo ndi la wodwalayo, manowo ndi akenso, ndipo zambiri mwa zotupazi si khansa: zikacotsedwa zonse msanga, wodwala amacira.